Musanatiuze sheya yogula, tiuzeni kaye chifukwa chake

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya masheya poti malangizo ake achuluka kwambiri masiku ano, pa WhatsApp, pa TikTok, pa YouTube, m'magulu a pa Telegram, olo m'manyuzi momwe timaona mitu yoti masheya asanu oyenera kugula chaka chino. Inetu ndine m'modzi mwa anthu okhulupirira kuti munthu wamba, mphunzitsi, namwino, dalaivala, naye akuyenera kukhala ndi kagawo kake m'makampani akuluakulu, chifukwa ndalama yongokhala imadyedwa ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu. Nde sindikulemba kuti ndiopseze anthu ayi. Chomwe chikundipweteka ndi momwe malangizowa akuperekedwera, munthu amangotchula dzina la kampani, kuikapo chithunzi cha mzere wokwera m'mwamba, basi gulani msanga isanathawe, ndipo anthu akugula zoona ndi ndalama zomwe anazipeza movutikira.

Dzina la kampani palokha si langizo. Munthu akandiuza kuti gula sheya yakuti ndimafuna andiuzenso zinthu zingapo, kampaniyo imapanga bwanji ndalama, pa mtengo uti pomwe iyeyo akuona kuti ndi yotchipa ndipo pa mtengo uti pomwe angati apa yadula musagulenso, komanso iye mwini wakeyo ali nayo sheyayo kapena ayi, anagula liti. Funso lomalizali anthu amachita nalo manyazi kufunsa koma ndi lomwe lili lofunika kuposa onse. Pamsika wa masheya iwe ukamagula ndiye kuti pali wina akugulitsa, ndipo kawirikawiri wogulitsayo amakhala kuti waiganizira bwino nkhaniyo kuposa iwe amene wangoimva dzulo pa gulu. Pena wogulitsayo amakhala yemwe uja akukuuza kuti gula. Amayamba wagula yekha mwakachetechete mtengo uli pansi, makamaka masheya a timakampani tating'ono tomwe anthu sagulana pafupipafupi, kenako amayamba kuitamanda kwa omutsatira, anthu akathamangira mtengo umakwera, iye n'kugulitsa zake zonse kwa omwewo amene amamukhulupirira, akatero phokoso limatha ndipo mtengo umabwerera pomwe unali olo kutsika kuposa pamenepo. Amene anafika mochedwa ndi amene amatsala atagwira chinthu chopanda wogula.

Mukumbukire za GameStop, kampani yogulitsa magemu a pavidiyo ku America, mu January 2021. Chaka chimayamba sheya yake isanafike $20, anthu pa tsamba la mchezo la Reddit analimbikitsana kugula kuti akhaulitse makampani akuluakulu omwe anabetcha kuti itsika, ndipo pa 28 January inagunda $483. Nkhani zomwe zinkamveka ndi za achinyamata omwe alemera m'masiku ochepa. Koma m'mwezi wa February womwewo inali itatsika pansi pa $50, nde taganizani munthu amene anagula pa $300 kapena $400 chifukwa anaona anzake akuonetsa phindu lawo pa intaneti, ameneyo sanajambule foni yake kuti ationetse. Oluza amakhala chete, ndichifukwa chake tikamayang'ana m'magulumu timaona ngati aliyense akuwina.

Nkhani youlula ngati walipidwa si yaing'ono. Mu October 2022 Kim Kardashian anavomera kulipira $1.26 miliyoni ku bungwe loyang'anira msika wa masheya ku America la SEC, chifukwa anatsatsa ndalama ya pa intaneti (crypto) yotchedwa EthereumMax pa Instagram osanena kuti anamulipira $250,000 kuti atero. Inali crypto inde, koma mfundo yake ndi yomweyo pa masheya, wowerenga ali ndi ufulu wodziwa ngati amene akumulangizayo akudyapo.

Tsopano pali china chomwe ngakhale anthu oona mtima amachiphonya akamapereka malangizo, ndipo apa ndikufuna ndikhalitsepo. Kampani yabwino ndi sheya yabwino si chinthu chimodzi. Kampani itha kukhala yamphamvu, katundu wake aliyense akumufuna, mabwana ake anzeru, koma ngati waigula pa mtengo wopenga udikira zaka zambiri kuti ndalama yako ingobwerera. Mu March 2000 Cisco inafika pokhala kampani yamtengo wapatali kuposa ina iliyonse padziko lonse, ndipo sinali kampani yabodza, zipangizo zake ndi zomwe zinkayendetsa intaneti ndipo ikupangabe phindu mpaka pano, koma amene anagula pamwamba paja anadikira zaka zoposa 20 mtengo usanabwerere pomwe anagulira. Msika wonse wa masheya wa Nasdaq ku America unagwa pafupifupi 78% kuchokera mu March 2000 kufika mu October 2002, ndipo unadzafikanso pamwamba paja mu 2015. Amazon yomwe timaitama lero inatsika kuposa 90% nthawi imeneyo. Anthu amakonda kunena kuti ukanagula Amazon kalekale bwenzi uli mpondamatiki, zoona, koma ndi angati amene akanapirira kuona ndalama yawo itatsala gawo limodzi mwa magawo khumi osagulitsa, komanso ndi makampani angati a intaneti a nthawi imeneyo omwe anatsika chimodzimodzi n'kutheratu osadzukanso.

Njira yoyamba yoonera mtengo si yovuta ndipo nyuzi yanu itha kuiphunzitsa m'ndime imodzi. Umatenga mtengo wa sheya n'kugawa ndi phindu lomwe kampani yapanga pa sheya iliyonse pachaka, zomwe amazitcha P/E zija. Tiyerekeze sheya ikugulitsidwa 100 ndipo phindu pa sheya ndi 10, ndiye P/E ndi 10, kutanthauza kuti phindu likapanda kusintha zitenga zaka 10 kuti kampani ipange ndalama yofanana ndi yomwe walipira. Ikakwera kufika 500 phindu likadali 10 lomwelo, wayamba kulipira zaka 50, ndipo amene akukuuza kuti gula pamenepo akuyenera afotokoze kuti phindu likula bwanji ndipo chifukwa chiyani. Sindikunena kuti P/E yotsika ndiye kuti gula ayi, pena imatsika chifukwa anthu aona kuti bizinesiyo ikufa. Koma munthu amene akulangiza anzake osatchula olo nambala imodzi ngati imeneyi sakulangiza, akungouza anthu zomwe iye amakonda.

Kenako lipoti la pachaka. Kampani iliyonse yomwe ili pamsika imakakamizidwa kutulutsa lipoti la momwe yayendera ndipo ndi laulere, koma ambiri amene ali ndi masheya sanatsegulepo olo tsamba limodzi. Ine ndimayamba ndi ngongole, kampani ili ndi ngongole yochuluka bwanji ndipo chiwongola dzanja chikudya gawo lanji la phindu. Ndikatero ndimaona ngati phindu lomwe alemba likufanana ndi ndalama yeniyeni yomwe yalowa, chifukwa phindu la papepala amatha kulikongoletsa koma ndalama ya mu akaunti ndi yovuta kunamizira kwa nthawi yaitali. Ngati chaka ndi chaka akulengeza phindu lalikulu koma akungobwerekabe ndalama ndipo dividend, gawo la phindu lomwe amagawira eni masheya, sakupereka popanda chifukwa chomveka, pamenepo munthu uyenera kufunsa. Enron, kampani ya magetsi ndi gasi ya ku America, inafika pafupifupi $90 pa sheya mu August 2000, akatswiri ambiri ankati gulani, pofika December 2001 inali itagwa ndipo sheya inali yosakwana $1, antchito ake omwe anaika ndalama za penshoni m'masheya a kampani yomweyo anataya ntchito ndi penshoni nthawi imodzi. Steinhoff, kampani yogulitsa mipando ndi katundu wa m'nyumba yomwe inali pamsika wa ku Johannesburg ndi Frankfurt, inataya mtengo wake woposa 80% m'masiku ochepa mu December 2017 mkulu wake Markus Jooste atatula pansi udindo nkhani ya mabuku achinyengo itaphulika. Ndiye Wirecard ya ku Germany, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, inali m'gulu la makampani akuluakulu a pamsika wa kumeneko lotchedwa DAX, mu June 2020 zinadziwika kuti ndalama zokwana 1.9 biliyoni za euro zomwe ankati zili ku banki kunalibe. Ndipo apa a Mkonzi ndikufuna mumve bwino, amene anakhala zaka akufunsa mafunso pa mabuku a Wirecard anali atolankhani a Financial Times, makamaka Dan McCrum, mpaka akuluakulu oyang'anira msika ku Germany mu 2019 anatembenukira atolankhaniwo m'malo mofufuza kampaniyo. Ntchito ya nyuzi pa nkhani ya masheya ndi imeneyo, kufunsa mabwana a makampani mafunso omwe ife eni masheya ang'onoang'ono sitingathe kukawafunsa.

Za achinyamata omwe akufuna kumagula m'mawa kugulitsa madzulo ndinene mwachidule. Akatswiri awiri, Brad Barber ndi Terrance Odean, anafufuza maakaunti a mabanja oposa 66,000 ku America kuyambira 1991 mpaka 1996, anapeza kuti omwe ankagula ndi kugulitsa pafupipafupi kwambiri ankapeza 11.4% pachaka pomwe msika wonse unkapereka 17.9%, kusiyanako kwakukulu kunali ndalama zolipira broker, yemwe amakugulira ndi kukugulitsira masheya, nthawi iliyonse ukagula kapena kugulitsa. Za ma CFD, kubetcha kuti mtengo ukwera kapena utsika osagula sheya yeniyeniyo, zomwe zikutsatsidwa kwambiri pa foni ndiye zoopsa zedi chifukwa umasewera ndi ndalama yobwereka, bungwe loyang'anira misika ya masheya ku Europe la ESMA linanena mu 2018 kuti pakati pa 74% ndi 89% ya maakaunti a anthu wamba amaluza. Ndipo masamu ake ndi ankhanza, ukaluza 50% umafunika upange 100% kuti ungobwerera pomwe unayambira.

Mwina wina afunsa kuti nanga iweyo ukuti tigule chani. Maganizo anga ndi oti munthu ayambe ndi bizinesi yomwe angathe kuifotokoza kwa mnzake m'mawu ochepa, yomwe yakhala ikupanga phindu zaka zingapo zotsatizana kuphatikizapo zaka zovuta, ngongole yake ndi yoti ingathe kubwezedwa, ndipo imagawa dividend kuchokera pa ndalama yomwe yapangadi. Kampani ya katswiri wodziwika wa masheya Warren Buffett, Berkshire Hathaway, inayamba kugula Coca-Cola mu 1988, inaika $1.3 biliyoni yonse pamodzi, ndipo mu 2022 mokha inalandira dividend ya $704 miliyoni kuchokera pa masheya omwewo osagulitsa olo imodzi. Palibe chinsinsi chomwe anauzidwa pa gulu, chakumwacho aliyense ankachidziwa. Komabe kudziwika pakokha sikokwanira, Kodak inkadziwika padziko lonse koma mu January 2012 inakapempha chitetezo ku khoti italephera ngongole, kujambula kutasamukira ku makamera a digito ndi mafoni. Nde olo kampani uikonde bwanji usaike zonse pamenepo, ndipo uzibwerera ku lipoti lake chaka chilichonse kuona ngati chifukwa chomwe unagulira chikadalipo.

Ndipo tinene chilungamo, kusankha sheya imodziimodzi n'kovuta ngakhale kwa omwe amalipidwa kuti azichita zimenezo. Katswiri wa zachuma Hendrik Bessembinder atawerengera masheya a ku America kuyambira 1926 mpaka 2016 anapeza kuti makampani 4% okha ndi amene anabweretsa chuma chonse chomwe msika unapanga kuposa kungobwereketsa ndalama ku boma. Buffett yemweyo anabetcha $1 miliyoni kuti thumba lotchipa longotsata makampani akuluakulu 500 a ku America (S&P 500) lidzaposa akatswiri a hedge fund, omwe amalipidwa poyendetsa ndalama za anthu olemera, pa zaka khumi, kuyambira 2008 mpaka 2017, ndipo thumba lija linakula pafupifupi 126% pomwe akatswiri aja anathera cha m'ma 36%. Kwa munthu amene alibe nthawi yowerenga malipoti, thumba lophatikiza makampani ambiri ngati index fund kapena unit trust yolipiritsa pang'ono ndi poyambira pabwino, bola afunse kuti amadula zingati pachaka komanso aonetsetse kuti ndi yovomerezeka ndi oyang'anira msika. Ndalama ya fizi ya mwana ya teremu ikubwerayi, ya lendi, kapena ya ngongole, imeneyo isapite ku masheya olo langizo likome bwanji, poti pamisika ing'onoing'ono umatha kufuna kugulitsa n'kukhala masabata wogula osapezeka.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi ndi ili. Mukamasindikiza malangizo a masheya, wolembayo azilemba tsiku, mtengo wa tsiku limenelo, chifukwa chake m'manambala, zomwe zingachititse kuti maganizo akewo akhale olakwika, komanso anene poyera ngati iye kapena kampani yomwe amagwirako ili ndi masheyawo kapena ikulipidwa ndi kampani yomwe akuitamandayo. Ndipo pakatha miyezi 12 mubwerere ku malangizo onse aja, onse osati okhawo omwe anayenda bwino, muwaike patsamba limodzi pambali pa momwe msika wonse wayendera komanso momwe mitengo ya zinthu yakwerera, kuti tione tokha amene tingamumvere chaka chamawa. Mutipatsenso kadanga kakang'ono sabata iliyonse komwe wina wodziwa azitenga lipoti la kampani imodzi n'kutiyendetsa m'Chichewa tsamba ndi tsamba, kuyambira pa ngongole.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzi yanu