Kwa mnzanga, za mwana ndi buku la zithunzi

Wokondedwa mnzanga,

Ndikhulupirira uli bwino kutaliko pamodzi ndi banja lonse. Ife kuno tili bwino.

Nkhani ya mwana wako yandikhudza kwambiri. Wati chichitikireni madzi osefukira aja wayambanso kukodza pogona, akuyamwa chala, ndipo ukangoti utuluke panja amakukakamira. Chonde usamukalipire. Ana a zaka 3 mpaka 6 amatero mantha akawagwira, ndipo ena amaganiza kuti ngoziyo inadza chifukwa cha iwo, mwina poti anachita mwano dzulo lake. Ukamufunsa maso ndi maso sakuuza zimenezi. Ngakhale malangizo a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO a mu 2011, onena za chithandizo choyamba cha m'maganizo, amaletsa kukakamiza munthu kufotokoza zomwe zinamuonekera.

Ndiye yesa buku la zithunzi. Mukhazike pamiyendo, buku likhale patsogolo pake, uziwerenga mosathamanga. Akaloza kagalu kosochera mumvula n'kufunsa kuti, "Amayi ake ali kuti?" ima pomwepo, tsamba lisatembenuzidwe. Mufunse kuti, "Iwe ukuona ngati kagaluka kakumva bwanji?" Za kagalu ayankha momasuka, pomwe za iye mwini pakamwa pamalemera. Ukamvetsera bwino, umva mantha ake onse akutuluka m'dzina la kagaluko. Akangokhala chete chala chili pachithunzi, musiye, nayenso akuganiza.

Sankha buku loonetsa anthu othandiza, monga anansi, anamwino ndi opulumutsa anzawo pa boti, osati la zithunzi zoopsa. Koma usamunamize kuti sizidzachitikanso. Mvula ikadzagwa mwamphamvu adzaleka kukukhulupirira, ndipo ine ndimaona kuti zimenezo n'zopweteka kuposa mantha enieniwo. Muuze zoona zomwe angamve: mvula ikachuluka mitsinje imadzaza, palibe mwana amene amachititsa zimenezi, ndipo akuluakulu akudziwa kothawira.

Azikuuza kuti ubwereze buku lomwelo usiku uliwonse. Bwereza osatopa. Mwana amene zinthu zinamusinthira mwadzidzidzi mtima wake umakhala m'malo akamadziwa chomwe chili patsamba lotsatira. TV yokha uzizimitsa nkhani za ngoziyo zikayamba, chifukwa ana aang'ono akaona zithunzi zomwezo mobwerezabwereza amayesa kuti madzi abweranso.

Ukaona kuti mwezi watha koma akulotabe zoopsa kapena akukana kudya, pita naye kuchipatala. Undilembere momwe zikuyendera, ndipo undipatsire moni onse kunyumba.

Ndine mnzako wa pamtima.