Usasiye mapiritsi aja, mwanangu

Mwanangu,

Kuno ku Bangula tadzuka, kungoti dzuwa la chaka chino lanyanya, nkhuku zikungoyasama pansi pa nkhokwe. Bambo ako akupereka moni.

Azakhali ako atabwera kuchokera ku Blantyre anandiuza nkhani ziwiri nthawi imodzi. Yoyamba yoti waima. Ndinalulutira mpaka anthu apanjira anacheuka. Yachiwiri yoti wasiya kumwa mapiritsi a chithokomiro chifukwa apongozi ako akuti ndi amene anakupititsa padera ulendo uja. Mwanangu, zoona zimenezi? Iwe wophunzirawe, ukusiya mankhwala osafunsa dokotala, osandiimbira ngakhale ine amene ndakalambira pa sikelo ya amayi oyembekezera?

Apongozi ako sindikuwanyoza. Akufuna mdzukulu monga ndikumufunira ine, ndipo maliro a mwana wosaoneka aja anawalira nafe limodzi. Koma pamenepa alakwitsa. Levothyroxine, mankhwala a m'mapiritsi akowo, si chinthu chachilendo m'thupi mwako. Ndi chomwecho chimene chithokomiro chako chimapanga, kungoti chako chikupanga moperewera. Ndiye mvetsa: miyezi itatu yoyambirira, mwana amakhala alibe chithokomiro chogwira ntchito. Ubongo wake umakula podalira chako. Ngakhale chake chikayamba, chimadzakhwima mimba ikafika cha pakati. Nthawi imene wasiyira mankhwala ndi imene akufunika kwambiri.

Ukukumbukira tsiku lija unavala juzi mu Okutobala pamsika, amayi ogulitsa mlamba akukuseka? Kuno kuchigwa, munthu kumva kuzizira mu Okutobala! Khungu litauma, tsitsi likuthothoka pachipeso, masana wonse uli pamkeka, bambo ako nkumati ndi ulesi. Ukufuna ubwerere kumeneko uli ndi pakati?

Ndikudziwa uyankha kuti dokotala ananena kuti vuto lako ndi lochepa. Inde ndi lochepa, TSH, nambala ija amapima m'magazi imene imakwera chithokomiro chikamagwira ntchito moperewera, inangokwera pang'ono. Koma anapezanso kuti asilikali a m'thupi mwako akulimbana ndi chithokomiro chako chomwe, matenda aja amati a Hashimoto. Chithokomiro chotere chikapatsidwa ntchito ya anthu awiri chimalephera msanga. N'chifukwa chake mayi amene anali kale pa mankhwalawa akaima, mlingo amaukweza, sautsitsa. Kawirikawiri amawonjezera ndi 25 kapena 30 pa 100 alionse, mwina pongouzidwa kumwa mapiritsi awiri owonjezera pa sabata. Usadziwonjezere wekha, wamva? Akachuluka mtima umagunda mothamanga, manja kunjenjemera, tulo osabwera. Pita akakupime magazi sabata ino, ndipo uzipimitsa pakatha milungu inayi iliyonse mpaka mimba ifike pakati.

Sindikunamiza kuti piritsi limeneli ndi chitseko chotsekera mimba kuti isachoke. Kupita padera kuli ndi zifukwa zambiri. Ku Britain anachita kafukufuku pa amayi 952 amene anali ndi asilikali oukirawa koma chithokomiro chawo chikugwira bwino, ndipo zotsatira za mu 2019 zinaonetsa kuti amene anamwa levothyroxine sanabereke ana amoyo ochuluka kuposa amene sanamwe. Choncho mnzako uja amene akusowa mwana usamugawireko mapiritsi ako, ndamva kuti anakupemphapo. Akapimitse magazi akeake. Iwe nkhani yako ndi ina, TSH yako inakwera ndipo unali utayamba kale mankhwala.

Agogo ako ankabisa chotupa chapakhosi ndi mikanda, mwina sukuwakumbukira bwino. Masiku amenewo mchere unali wamiyala wopanda ayodini, amene akasowa m'thupi chithokomiro chimatupa. Zako sizinabwere ndi mchere ayi, komabe uzigula wa m'paketi wolembedwa kuti uli ndi ayodini, pakuti mayi woyembekezera amafunika wochulukirapo. Ndipo zitsamba za m'mabotolo zimene akukupatsa kumeneko, zoti zimanga mimba, usamwe. Ukaziika kuseri kwa kabati palibe amene adziwe.

Kamwedwe ka mapiritsi a chithokomirowa unakaiwala kale, ndikudziwa iwe. M'mawa ukangodzuka, ndi madzi okha, m'mimba mulibe kanthu. Udikire mphindi 30 kapena ola usanamwe tiyi wamkaka kapena phala la soya. Ku sikelo akupatsa mapiritsi owonjezera magazi. Amenewo ndi ofunika, uzimwa, koma osaphatikiza ndi a chithokomiro chifukwa amawatsekereza kulowa m'thupi. Pazidutsa maola anayi, bola owonjezera magaziwo uzimwa madzulo. Anamwino a ku sikelo uwaonetse buku lako la kuchipatala tsiku loyamba lomwe, usadikire kuti akufunse, pamzere pamakhala anthu ambiri. Botolo la mapiritsi usaliike pawindo pofika dzuwa.

Ukadzachira mlingo adzaubweza pamene unali, nkukupimanso pakatha milungu isanu ndi umodzi. Kuyamwitsa uzidzayamwitsa bwinobwino uku ukumwa. Koma zimenezo tidzakamba ndikadzabwera kudzakusamalira.

Amuna ako nawonso andikhumudwitsa. Anali pomwepo dokotala akufotokoza, lero angokhala chete pamaso pa mayi awo? Uwaonetse kalatayi. Ngati akuopa kulankhula, atenge apongozi akowo mupite nawo limodzi kuchipatala akadzimvere okha. Ngati vuto ndi ndalama yopimira magazi, nena, mbuzi yamawanga ija tigulitsa Loweruka ndikutumizire pa foni.

Usasiye mapiritsi, mwanangu. Yambiranso mawa m'mawa mlingo womwe unkamwa uja, kenako upite kwa dokotala. Ndatumiza mapira ndi nsomba zouma ndi mnyamata wa minibasi uja, ukalandire ku Limbe Lachinayi. Undiimbire ukangotuluka kuchipatala, undiwerengere nambala ya TSH imene alembe.

Ndine mayi ako.