Lipoti la maphunziro a masiku awiri a kasungidwe ka mafayilo pa cloud

A Wapampando, akomiti ndi mamembala nonse,

Monga munandituma, ndinakakhala nawo pa maphunziro aja masiku onse awiri. Malisiti a ulendo ndi a kogona ndinawapereka kale kwa a Msungichuma. Ndinamva kuti ena munadandaula zotulutsa alawansi pa nkhani ya kompyuta chabe, ndiye ndikupempha muwerenge kaye musanaweruze.

M'mawa wa tsiku loyamba unathera pa malonje, mawu otsegulira ndi mbiri ya intaneti. Masana mphunzitsi anaika malaputopu awiri patebulo, onse olumikizidwa ku akaunti imodzi ya cloud, kutanthauza malo osungira mafayilo pa intaneti. Anawononga dala fayilo ya Excel pa laputopu yoyamba, ndipo isanathe mphindi imodzi fayilo ija inakana kutseguka pa yachiwirinso. Ntchito ya pulogalamu ya sync ndi kufananitsa zimene zili pa kompyuta ndi zimene zili pa cloud. Siidziwa kuti iyi ndi yabwino, iyi ndi yowonongeka. Mukafufuta kuno imafufuta uko, ikawonongeka kuno imawonongeka konsekonse. Ife takhala tikuuzana kuti tili ndi backup, kutanthauza makope osungidwa padera, poti zonse zili pa Google Drive, koma backup tilibe.

Chimene chimapulumutsa munthu n'chakuti cloud imasunga mafayilo monga analili kale, koma kwa kanthawi. Pa Google Drive, fayilo ya Word kapena Excel imene mwaikapo imasungidwa mmene inalili poyamba kwa masiku 30, kapena mpaka itasinthidwa maulendo 100, pokhapokha mutasankha Keep forever. Zofufutidwa nazo zimakhala mu Trash masiku 30. Pa ma cloud ena, Dropbox yaulere ndi masiku 30 omwewo. OneDrive ya munthu payekha ndi masiku 30, pomwe ya kuntchito kapena kusukulu ndi masiku 93.

Atanena zimenezi ndinasiya kulemba. Nonse mukukumbukira kaundula wa mamembala ndi zopereka amene anakana kutseguka chaka chatha. Tinakhala misonkhano itatu, masabata asanu ndi limodzi, tikufunsana kuti womaliza kugwira kompyuta anali ndani. Palibe anadziwa kuti kukanikiza dzina la fayiloyo ndi batani lakumanja n'kusankha Manage versions kukanatibwezera kaundula wa dzulo lake. Pamene tinkatopa ndi kulozana zala, masiku 30 anali atadutsa. Mpaka lero m'maminitsi muli mawu akuti fayiloyo inawonongeka chifukwa cha kusasamala kwa woyang'anira kompyuta, ndipo woyang'anirayo ndine. Ena anafika ponong'onezana kuti mwina panali chimene ndinkabisa. A Mlembi, ndinapempha kawiri kuti mawu amenewa awunikidwenso ndipo sindinayankhidwe.

Mafayilo amawonongeka m'njira zodziwika. Magetsi akathima kapena munthu akatseka laputopu fayilo ikusungidwa, imalembedwa theka, ndipo theka lomwelo ndi limene limakwera pa cloud. Anthu awiri akasintha fayilo imodzi wina alibe intaneti, pamatuluka mafayilo awiri. Dropbox imalemba conflicted copy pa dzina la inayo, ndiye wina poganiza kuti ndi zinyalala amafufuta yolondola. China ndi kudzaza kwa malo. Akaunti yaulere ya Google ili ndi 15 GB yogawana pakati pa Drive, Gmail ndi Google Photos, ya OneDrive ili ndi 5 GB, ya Dropbox 2 GB. Ya Google ikadzaza, mafayilo atsopano sakwera ndipo maimelo amasiyanso kulowa. Yathu ndinaiona nditangobwera. Yatsala pang'ono kudzaza, ndipo zambiri ndi zithunzi ndi mavidiyo a misonkhano, zina zoikidwa kawiri.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi kusegula m'mimba mwa fayilo. Kani fayilo ya docx kapena xlsx ndi mtolo wa ZIP wongovala dzina lina! Mukaikopera pambali, n'kusintha mapeto a dzina lake kukhala zip, mumaona timafoda m'kati. Mawu a kalata amakhala mu document.xml, zithunzi mu foda ya media. Tinapatsidwa fayilo imene Word inaikana ndipo ine ndinatulutsamo mawu onse, ngakhale anali osakanikirana ndi zizindikiro zambirimbiri. Musanafike pamenepo yesani Open and Repair, imene imapezeka mu Word ndi Excel pa kamuvi ka pambali pa batani la Open. Lamulo ndi lakuti muzigwira ntchito pa kope, yeniyeniyo musaikhudze. Koma fayilo ikaonetsa 0 KB mulibe kanthu m'kati, ndipo pulogalamu iliyonse yolonjeza kuikonza ikungokutayitsani nthawi. Pitani ku mbiri yake pa cloud tsiku lomwelo.

Gawo la malamulo oteteza zinsinsi za anthu ndinagawiridwa mapepala, ali mu ofesi. La ogulitsa mapulogalamu linali malonda basi.

Tsiku lachiwiri linali la pulogalamu ya sync yokana kuyaka. Choyamba lowani pa akaunti kudzera pa Chrome kapena Edge. Mafayilo akakhala bwinobwino kumeneko, vuto lili pa kompyuta yanu yokha ndipo mtima ukhale pansi. Nthawi zambiri pulogalamuyo imakhala yayaka kale koma yauma mobisika. Kanikizani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, muipeze mu Task Manager, muitseke, muiyatsenso. Kenako onani tsiku ndi nthawi pa kompyuta. Kabatire kakang'ono ka m'kati kakatha mphamvu, kompyuta imabwerera zaka za m'mbuyo, ndipo seva imakana kulumikizana nayo. Onaninso ngati hard disk sinadzaze. Zikakanika izi, OneDrive ili ndi lamulo la onedrive.exe /reset limene limaiyambitsa mwatsopano osafufuta mafayilo. Google Drive imasunga zinthu zake zosakhalitsa mu foda ya DriveFS, ndipo ena amathamangira kuifufuta. Mphunzitsi anachenjeza kuti ntchito imene inali isanakwere pa cloud ikhoza kupita nayo limodzi, choncho koperani kaye zatsopano zonse pa flash. Kuchotsa pulogalamu n'kuiikanso kukhale komaliza. Ife timayambira pomwepo, ndipo ndi zimene anachita mnyamata amene tinamulipira ulendo uja osandifunsa.

Nkhani ya Windows yakale itikhudza. OneDrive ya munthu payekha inasiya kugwira sync pa Windows 7, 8 ndi 8.1 mu Malichi 2022, ndipo tsiku lothera chithandizo cha Microsoft pa Windows 10 linali 14 Okutobala 2025. Kompyuta ya pa tebulo la a Mlembi tonse tikuidziwa msinkhu wake.

Potseka, msonkhano unagwirizana zolimbikitsa mabungwe kutsata njira ya 3-2-1: makope atatu a fayilo iliyonse yofunika, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kwina kunja kwa ofesi. Iyi ndinaikwezera dzanja. Anagwirizananso kuti mabungwe asamukire ku maakaunti olipira, koma pamenepa sindinavomereze. Ngakhale titagula malo ochuluka bwanji, vuto lathu ndi pasiwedi imodzi imene ili m'manja mwa anthu asanu ndi awiri, kuphatikizapo awiri amene anatuluka m'komiti. Chifukwa tonse timalowa ndi dzina limodzi, mbiri ya fayilo singaonetse amene wasintha kanthu, ndipo mlandu umagwera amene amakhala pafupi ndi kompyuta. Aliyense akhale ndi akaunti yake, ndipo foda igawidwe mosiyanitsa amene angasinthe ndi amene angangowerenga. Izi sizifuna ndalama.

Chofuna ndalama ndi hard drive imodzi yakunja, yokoperamo zonse kumapeto kwa mwezi n'kuichotsa pa kompyuta. Ndikudziwa padzakhala mkangano wa amene aziisunga. Ine ndikuti a Msungichuma, osati ine, ndipo kamodzi pa miyezi itatu tizitsegula fayilo imodzi ya m'menemo pamaso pa komiti kuti tione ngati ikutsegukadi.

Ndikupempha kuti nkhani ya pasiwedi, ya hard drive ndi ya kukonza maminitsi a chaka chatha ziikidwe pa ajenda ya msonkhano ukubwerawu. Gawo lotsala la alawansi, limene ndinalonjezedwa kuti ndidzalandira ndikapereka lipoti, ndikuliyembekezera.

Ine wanu,
Woyang'anira kompyuta