Phapo likaphwa, si aliyense wofunika kumuika paipi m'chifuwa

A Mkonzi,

Tipatseniko danga tikambepo za kuphwa kwa phapo, vuto limene achipatala amalitcha pneumothorax. Kuyambira mu 2020 kafukufuku wasintha zambiri zimene zinkaphunzitsidwa pa vutoli, koma uthenga wake ukufika kwa anthu uli woduka. Ena angomva kuti paipi ya m'chifuwa, yomwe imaikidwa pakati pa nthiti kuti itulutse mpweya wophwetsa phapo, yatha ntchito. Ena sanamve chilichonse, ndipo akuboolabe aliyense amene chithunzi chake chaonetsa mpweya. Onsewa akhoza kuvulaza wodwala.

Phapo limakutidwa ndi nembanemba yopyapyala, ndipo ina yonga yomweyo inamatirira mkati mwa nthiti. Ziwirizi zimagundana, pakati pali timadzi tochepa chabe, n'chifukwa chake nthiti zikafutukuka phapo limatsatira. Mpweya ukalowa pakati pa ziwirizi, phapo limalekana ndi nthiti n'kuphwa. Izi n'zosiyana ndi kunyala kwa phapo kobwera chifukwa choti njira ya mpweya yatsekeka ndi makhololo kapena chotupa. Kumeneko paipi ya m'chifuwa siithandiza.

Mpweyawo umalowa m'njira zingapo. Pali anthu amene mapapo awo anali bwinobwino, makamaka anyamata aatali ndi ochepa thupi, amene katuza kakang'ono ka pamwamba pa phapo kamangophulika, nthawi zambiri munthu ali phee osagwira ntchito yolemetsa. Pali amene mapapo awo anali owonongeka kale ndi chifuwa chachikulu, mphumu, matenda a COPD (matenda okhalitsa ochepetsa njira za mpweya), kapena chibayo cha Pneumocystis chomwe chimagwira anthu amene chitetezo chawo chatsika ndi HIV. Pali ovulala pa ngozi kapena obayidwa, ndiponso amene singano ya kuchipatala komweko yawaboola phapo. Magulu amenewa sayenera kuthandizidwa mofanana, ndipo apa ndi pagona nkhani ya kalata yathuyi.

Pa kapezedwe ka vutoli, wodwala amadandaula ululu wobaya mbali imodzi ya chifuwa wobwera mwadzidzidzi, komanso kubanika. Mbali imeneyo mpweya sumveka bwino pomvetsera, ndipo ukagogoda pamalira ngati ng'oma. Chithunzi cha X-ray chojambulidwa munthu ataima chimaonetsa kamzere kopyapyala ka m'mphepete mwa phapo, kunja kwake kulibe mitsempha. Vuto limabwera kwa wovulala amene wagona chagada. Mpweya umakwera n'kukhala kutsogolo kwa phapo, m'malo moti ukhale pamwamba pake, ndipo chithunzi chimaoneka ngati palibe kanthu. Bungwe la Cochrane, lomwe limaunika kafukufuku wa zaumoyo, litasonkhanitsa kafukufuku wa ovulala mu 2020 linapeza kuti X-ray ya munthu wogona imapeza odwala 47 okha pa 100 alionse amene ali ndi vutoli, pamene sikani ya ultrasound imapeza 91. Kusiyana kumeneku si kwa masewera.

Njira ya sikaniyi inafotokozedwa bwino ndi dokotala wa ku Paris, Daniel Lichtenstein, mu 1995. Kachipangizo kounikira kamaikidwa pakati pa nthiti ziwiri kutsogolo kwa chifuwa. Ngati nembanemba ziwiri zija zikugundana, zimaoneka zikutsetsereka pamene munthu akupuma, ndipo pamalo pamenepo palibe mpweya. Zikapanda kutsetsereka, musathamangire mpeni. Phapo limene linamatirira ku nthiti chifukwa cha TB yakale silitsetsereka, chimodzimodzi phapo limene silikulandira mpweya chifukwa paipi yopumira yolowetsedwa kukhosi yalowerera mbali imodzi. Chizindikiro chotsimikiza ndi kupeza malire, pomwe kutsetsereka kukuoneka n'kusowa, kuoneka n'kusowa, motsatana ndi kupuma. Pa X-ray napo pali misampha iwiri: khungu lopindika limajambula mzere wonamiza, ndipo thumba lalikulu la mpweya la mkati mwa phapo la munthu wosuta fodya limafanana kwambiri ndi phapo lophwa. Kubaya thumba lotere ndi kumupatsa munthu bowo limene analibe. Pokayikitsa, sikani ya CT, yomwe imajambula mkati mwa chifuwa mwatsatanetsatane, ndiyo imathetsa mkangano.

Tsopano za chithandizo. Kwa zaka zambiri chinkalamula ndi kukula kwa mpata wa pakati pa phapo ndi nthiti pa chithunzi. Malangizo a 2010 a British Thoracic Society, bungwe la akatswiri a matenda a m'chifuwa ku Britain, ankati mpata woposa masentimita 2 ndi waukulu. Mu Januwale 2020 magazini ya New England Journal of Medicine inatulutsa zotsatira za kafukufuku wa ku Australia ndi New Zealand wa odwala 316 a zaka 14 mpaka 50, onse opanda matenda ena a m'mapapo, amene phapo linaphwa kwambiri ndithu. Theka anawaika kapaipi kakang'ono. Theka lina anawapatsa mankhwala a ululu, kuwayang'anira kwa maola osachepera 4, kuwajambulanso, ndipo amene ankatha kuyenda bwino osafuna okosijeni anawabweza kunyumba. Pomatha milungu 8, phapo linali litafutukuka mwa odwala 98 pa 100 oikidwa paipi, ndi 94 pa 100 ongoyang'aniridwa. Pa ongoyang'aniridwawo, pafupifupi 85 pa 100 sanabayidwe n'komwe. Chodabwitsa n'chakuti pa miyezi 12 vutoli linabwereranso kwa pafupifupi 17 pa 100 a paipi, koma 9 okha pa 100 a gulu linalo.

Chifukwa chake n'chomveka. Thupi limamwa lokha mpweya wotsekeredwawo, pafupifupi 1 mpaka 2 peresenti ya mbali imeneyo ya chifuwa pa tsiku. Akatswiri ena akuganizanso kuti phapo likakhala lophwa, milomo ya bowo la pa phapolo imagundana n'kupola, pamene kulifutukula msanga kumakanula bowolo. Tisabise kuti kafukufukuyu anali ndi chilema: odwala ena sanajambulidwe pa nthawi yake, ndipo olemba ake anavomereza okha kuti osowawo akawerengedwa ngati olephera, umboni umafooka.

Chaka chomwecho magazini ya The Lancet inatulutsa kafukufuku wa RAMPP wa ku Britain wa odwala 236. Iwo anayesa kachipangizo kokhala ndi valavu yotulutsa mpweya osaubweza, komwe wodwala amapita nako kunyumba. Masiku ogona m'chipatala anatsika kuchoka pa 4 kufika pa 0, koma mavuto aakulu onse 14 amene anaoneka anali m'gulu la kachipangizoka: kutsekeka, kuchucha, kusuntha, ndi kubwerera kuchipatala. Ku France nako, kafukufuku wa EXPRED wa odwala 402 yemwe anatuluka mu 2023 anayerekeza kukoka mpweya ndi singano ndi kuika paipi. Singano inalephera mwa 29 pa 100, paipi mwa 18, koma singano inali ndi ululu wochepa. Motero malangizo a British Thoracic Society a 2023 anasiya kuyambira pa masentimita. Funso loyamba tsopano ndi lakuti: wodwala akupuma bwanji?

Apa ndi pamene tikupempha owerenga, makamaka ogwira ntchito zachipatala, kuti atchere khutu. Kafukufuku utatu wonsewu unachitika pa anthu a mapapo abwino. Sunena kanthu za munthu wa TB, wa COPD, wa Pneumocystis, kapena wovulala. Malangizo omwewo a 2023 amatchula anthu amene sayenera kungoyang'aniridwa kunyumba: amene BP yawo ikutsika, amene okosijeni wachepa kwambiri m'magazi, amene mapapo onse awiri aphwa, amene ali ndi matenda a m'mapapo kale, wa zaka 50 kapena kuposa yemwe wasuta fodya kwa nthawi yaitali, ndi amene m'chifuwa muli magazi pamodzi ndi mpweya. Phapo lodwala lilibe mphamvu yapadera yoti lidalire, ndipo bowo lake limachedwa kupola. Ngakhale kwa wachinyamata wa mapapo abwino, kumubweza kunyumba n'kwanzeru pokhapo ngati angathe kubwera kudzaonedwa masiku 2 mpaka 4 alionse, ndi kufika msanga zinthu zikasintha usiku.

Pali mtundu umodzi umene sudikira chithunzi. Bowo likamalowetsa mpweya osautulutsa, mpweya umaunjikana n'kupanikiza mtima ndi mitsempha ikuluikulu. Wodwala amabanika koopsa, mtima umathamanga, BP imatsika. Kudikira kuti kholingo likhotere mbali ina ndi kuchedwa. Malangizo a 2018 a ATLS, maphunziro a kasamalidwe ka anthu ovulala, anasintha pobaya singano kwa akuluakulu, kuchoka kutsogolo pa mpata wachiwiri wa nthiti kupita m'mbali, pa mpata wachinayi kapena wachisanu, patsogolo pang'ono pa mzere wotsika kuchokera pakati pa khwapa, chifukwa kutsogolo singano ya masentimita 5 imalephera kufika mwa anthu ambiri a minofu yochindikala. Singanoyo imangogula nthawi. Imapindika kapena kutsekeka, ndipo paipi iyenera kutsatira.

Poika paipi, malo otetezeka ndi m'munsi mwa khwapa, pakati pa mnofu waukulu wa pachifuwa ndi mnofu waukulu wa kumsana, osatsika kupitirira mpata wachisanu. Mukatsika mumakumana ndi chiwindi kumanja ndi kapamba kumanzere. Mulowere pamwamba penipeni pa nthiti, chifukwa mitsempha ya magazi imayenda kunsi kwa nthiti iliyonse. Kwa mpweya wokha, paipi yaing'ono imakwanira. Paipiyo imalumikizidwa ndi chubu cholowa m'botolo la madzi; nsonga ya chubu ikhale masentimita 2 mpaka 3 m'madzi a m'botolo, ndipo botolo likhale m'munsi mwa chifuwa nthawi zonse. Madzi akamakwera ndi kutsika m'chubu, paipi ikugwira ntchito. Akaima, yang'anani ngati yapindika, yatsekeka, kapena phapo lafutukuka. Paipi imene ikutulutsa thovu isatsekedwe ndi chopanira ngakhale posamutsa wodwala, chifukwa kutero ndi kupanga dala mtundu wakupha uja. Khungu likayamba kufufuma n'kumalira ngati pepala pokhudza, kawirikawiri bowo la m'mbali mwa paipi latulukira kunja kwa nthiti. Thovu likapitirira masiku 3 mpaka 5, adokotala a opaleshoni ya m'chifuwa adziwitsidwe.

Wodwala potuluka auzidwe zinthu zitatu momveka. Vutoli limabwereranso kwa munthu mmodzi pa atatu alionse, makamaka m'chaka choyamba, ndipo fodya ndi chamba zimakulitsa chiopsezocho. Asakwere ndege mpaka patapita masiku 7 chithunzi chitaonetsa kuti phapo lafutukuka lonse. Kumira pansi pa madzi ndi botolo la mpweya asiyiretu, kupatula ngati wachitidwa opaleshoni ndipo akatswiri avomereza.

Pempho lathu kwa ochita kafukufuku ndi opereka ndalama zake ndi lakuti ayang'ane odwala amene anasiyidwa kunja. Tikufuna kudziwa ngati valavu yopita nayo kunyumba ili yotetezeka kwa munthu amene akumwa mankhwala a TB, ngati kuthira magazi a wodwala mwini m'paipi kuti atseke bowo kungachepetse masiku ogona kumene kulibe dokotala wa opaleshoni, ndiponso kuti sikani imanama kangati pa chifuwa chokhala ndi zipsera za TB.

Ndife,
Ogwira ntchito yosamalira odwala matenda a m'chifuwa