Lipoti la msonkhano wa zakudya ndi masapulimenti a osewera

Akuluakulu a komiti, makochi anzanga ndi osewera nonse, ndabwerako ndipo ndafika bwino. Ndinamva kuti ena munkadandaula zoti kalabu yatulutsa alawansi ya masiku atatu chonsecho zinthu zina zili chiimire, nde chonde werengani mpaka pansi kenako muone nokha ngati ulendowu unali wopanda phindu. Malisiti a thiransipoti ndi kogona ndasiya kale kwa msungichuma.

Tsiku loyamba m'mawa kunali malonje ndi zolankhula za alendo basi. Masana anakamba za madzi, mfundo yake ndi yoti munthu akataya thukuta lopitirira 2 peresenti ya kulemera kwake mphamvu zimayamba kutsika, wa makilo 70 ndi pafupifupi kilo imodzi ndi theka yokha imeneyo. Amuyeze pa sikelo asanalowe komanso akatuluka, kilo iliyonse yomwe yapita ndi pafupifupi lita imodzi yofunika kubwezera. Koma anachenjezanso kuti kumwa madzi mopyola muyezo kumachepetsa mchere m'magazi ndipo kutha kupha, izi ine sindinkadziwa.

Tsiku lachiwiri ndi lomwe linandigwira mtima abale. Dokotala wina anatiuza za kafukufuku yemwe IOC, komiti yoyendetsa masewera a Olimpiki padziko lonse, inalipirira, anagula masapulimenti (ufa ndi mapilisi owonjezera pa chakudya) 634 m'mayiko 13 ndi kukawayeza ku labotale ya ku Cologne ku Germany, ndipo 94 mwa amenewo, pafupifupi 15 peresenti, anapezeka ndi masteroid, mankhwala oletsedwa okulitsa minofu, omwe sanalembedwe pa chitini. Muholo monse munangoti zii. Tsono lamulo la WADA, bungwe lolimbana ndi mankhwala oletsedwa m'masewera padziko lonse lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, ndi loti chilichonse chopezeka m'thupi mwako ndi mlandu wako, kaya unadziwa kaya sunadziwe, ndipo chiletso chimatha kufika zaka zinayi. Mndandanda wa mankhwala oletsedwa umasinthidwa chaka chilichonse pa 1 Januwale. Ine pomwepo maganizo anathamangira kwa anyamata athu aja omwe amagawana ufa wa m'chitini chopanda ndi pepala lomwe, wina kutapa ndi chivindikiro wina ndi supuni. Nkhani imeneyi ndinaibweretsa sizoni yatha, ndinauzidwa kuti ndikulowerera za eni ndipo ngakhale mu maminitsi sinalembedwe. Zinandiwawa ndipo zikundiwawabe, chifukwa mwana akaletsedwa tonse tidzathawa nkumusiya yekha.

Sikuti zonse ndi zabodza ayi. Chikalata cha IOC cha 2018 chimati zomwe zili ndi umboni wogwirika ndi zisanu zokha, caffeine, creatine, nitrate ngati ya m'madzi a beetroot, beta-alanine ndi bicarbonate. Creatine amathandiza pa liwiro lalifupi lobwerezabwereza ndi kunyamula zitsulo, magalamu 3 mpaka 5 patsiku, kungoti thupi limasunga madzi nde munthu amalemererako kilo imodzi kapena ziwiri. Caffeine anachotsedwa pa zoletsedwa mu 2004, muyezo wake ndi mamiligalamu 3 mpaka 6 pa kilo iliyonse ya thupi, ola limodzi gemu isanayambe, ukapyola pamenepo ndi kunjenjemera ndi kusowa tulo basi. Bicarbonate yo amavutitsa m'mimba. Ndipo phindu la zonsezi ndi lochepa, limaoneka kwa munthu amene akudya kale bwino, akugona bwino.

Apa ndi pomwe ndikufuna tikambirane ngati kalabu. Wosewera amene akupanga treningi ola limodzi patsiku amafunika magalamu 5 mpaka 7 a ma carbohydrate, omwe amapezeka mu zakudya zopatsa mphamvu, pa kilo iliyonse, nde wa makilo 70 uja ndi magalamu 350 mpaka 490 patsiku, kuchokera ku mpunga, buledi, mbatata, zipatso ndi zina. Mapuloteni ndi magalamu 1.2 mpaka 2.0 pa kilo, ogawa pa chakudya chilichonse osati kuunjika usiku, ndipo mazira, mkaka, nyemba, nsomba zimakwanitsa popanda chitini. Mphamvu yomwe minofu imasunga imatha pakadutsa mphindi pafupifupi 90 za kuthamanga kwambiri. Nde tikamakalipira ana kuti mwafooka second half, tinawafunsapo kuti adya chani m'mawa? Gemu ikatha timawakweza basi ndi njala mpaka kunyumba pamene nthawi imeneyo ndi yomwe thupi limafuna chakudya. Ndalama ya matrakisuti a akuluakulu inapezeka msanga, ya nthochi ndi mkaka wa osewera mpaka lero akuti tidikire bajeti, ine izi sindikugwirizana nazo.

Mayi wina wa zakadyedwe anakamba za matenda odya mochepa poyerekeza ndi ntchito yomwe thupi likugwira, amati RED-S, IOC inawatchula dzinali mu 2014. Mtsikana kusiya kupita kumwezi sichizindikiro choti ali fiti ayi, ndi thupi lomwe likusowa chakudya, mafupa amafooka nkumathyoka mosavuta, magazi amachepa. Anyamatanso zimawagwira. Makochi ena timawauza atsikana kuti achepetse thupi pagulu, tisiye zimenezo.

Tsiku lachitatu kunali za ma app a pafoni ndi amalonda oonetsa katundu wawo, palibe chobweretsa. Pomaliza tinagwirizana kuti kalabu iliyonse isankhe munthu wolemba chilichonse chomwe osewera akumwa, ogula azigula zokhazo zoyezedwa ndi mabungwe ngati Informed Sport, ndipo ana osafika zaka 18 asamapatsidwe kanthu popanda dokotala. Ine ndinavomera zonse, kungoti za kaundulayo ndikuona kuti wosewera sangaulule ngati wolembayo ndi yemweyo wosankha timu, aziopa benchi. Nde ndikupempha kuti asakhale kochi wamkulu.

A wapampando, chonde pa msonkhano ukubwerawu tiike zitatu, sikelo imodzi, chakudya cha osewera gemu ikatha, ndi tsiku loti ndikhale pansi ndi matimu onse awiri aliyense abwere ndi zitini zake tiziwerenge limodzi. Mapepala onse omwe anatipatsa ndili nawo, ofuna andiuze ndiwajambulire.