Amayi, galu wa ku Joni ndamukana

Johannesburg
Lamulungu, 14 Seputembala 2025

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi achemwali ndi ana onse kumeneko ku Mbulumbuzi. Ine kuno ndili bwino ndithu. Kuzizira kwatha, ndipo chifuwa chimene chinandivuta mu Julayi chija chinasiya. Achemwali, mukamawawerengera Amayi kalatayi musadumphe paliponse, ngakhale pamene ndikumudzudzula mng'ono wathu. Ndikufuna nkhaniyi aimve kuchokera pakamwa pa Amayi, chifukwa ine ndikamuuza pa WhatsApp amangonditumizira tizithunzi toseka.

Kuyambira mu Juni mnyamatayu sakundipatsa mpata. Akuti ndimugulire kamwana ka galu wa mtundu wa Boerboel, azikaweta ku Bangwe kumene akuchita lendi, galuyo akaswa azigulitsa ana. Akuti anzake akupha makwacha ndi bizinesi imeneyi. Ndamvanso kuti inu anakunyengererani kuti galuyo azidzalondera pakhomo. Amayi, ndakana, ndipo musaganize kuti ndi kuumira. Ndakhala zaka zisanu ndi chimodzi ndikusamala agalu a mtundu womwewu kwa abwana anga, ndiye ndikudziwa zimene amadya.

Poyamba ndikuuzeni kukula kwake. Wamphongo amene tinali naye ankalemera kuposa ine mwana wanu. Akaimirira ndi miyendo iwiri tinkayang'anana maso ndi maso. Agalu amenewa sadikira mkute ayi. Adona amawagulira chakudya cha m'matumba, timibulu touma tonga nandolo, ndipo thumba la makilogalamu 20 limene ankagula linkadutsa R1,000. Agalu awiri ankalimaliza pasanathe milungu itatu. Tsono werengani nane. Malipiro otsikitsitsa amene boma la kuno linakhazikitsa kuyambira Malichi chaka chino ndi R28.79 pa ola, ndipo ife a m'munda ndi a m'nyumba tili momwemo. Munthu akagwira maola asanu ndi atatu amapata R230. Ndiye kuti thumba limodzi la agalu ndi thukuta langa la masiku anayi ndi kanthu. Tsiku loyamba kuona lisiti lake m'galimoto ndinaganiza kuti a m'sitolo alakwitsa.

Chakudya n'chochepa tikayerekeza ndi chipatala. Galu wotere kuno amakhala ndi kabuku kake ka katemera, ngati khadi la mwana la kusikelo. Lamulo limati katemera wa chiwewe abayidwe galu akakwana miyezi itatu, abwereze chaka chisanathe, kenako zaka zitatu zilizonse. Palinso katemera wa matenda ena, mankhwala a njoka za m'mimba, ndi mapilitsi a nkhupakupa ndi utitiri. Zonsezi n'zolipira. Chaka chatha nthawi ya mvula galu wamkazi wa abwana analumidwa ndi nkhupakupa n'kudwala matenda amene kuno amati biliary, amene amamaliza magazi ngati malungo. Ndine ndinayamba kuona kuti wasiya kudya ndipo nkhama zake zayera mbuu. Anamugoneka masiku awiri kuchipatala cha ziweto, anamuika dripu, mpaka kumuthira magazi a galu mnzake. Ndalama imene analipira inaposa malipiro anga a mwezi wathunthu. N'chifukwa chake ena amawadulira agalu awo inshulansi ya chipatala n'kumalipira mwezi ndi mwezi. Musaseke Amayi, n'zoona. Ine amene ndimawasambitsa ndilibe inshulansi, ndikadwala ndimalawirira mbandakucha kukaima pamzere kukiliniki ya boma.

Koma chimene chimandipweteka kwenikweni ndi nthawi. Galu wa mumpanda sali ngati wathu amene amadziyendera yekha n'kubwera madzulo. M'mawa uliwonse ndimayamba ndi kutola zoipa zawo pakapinga, kutsuka mbale, kuthira madzi. Madzulo ndimayenda nawo pachingwe pafupifupi ola, chifukwa akapanda kuyenda amakumba maluwa, kutafuna mapaipi, n'kumauwa usiku wonse mpaka aneba kudandaula. Loweruka n'kusambitsa. Mwakhala mukundifunsa chifukwa chake sindinabwere pa Khirisimasi zaka ziwiri zotsatizana, ine n'kumangoti ntchito yachuluka. Lero ndikuuzeni zoona: ndinatsalira agalu. Abwana akamapita kunyanja ku Durban mu Disembala, malo osungitsako agalu amakhala odula, ndiye ndi ine amene ndimagona pakhomo. Amandiwonjezera kangachepe, sindikana, ndipo ndi komweko kunachokera malata aja. Koma pamene inu munkadya mpunga wa nkhuku ndi adzukulu anu, ine ndinali kupimira agalu chakudya ndi kapu.

Chaka chino zinthu zathina ngakhale kwa iwo. Abwana aamuna anawachotsa ntchito mu Epulo, mwezi womwe magetsi a Eskom anakweranso mtengo. Poyamba anasintha chakudya cha agalu n'kuyamba kugula chotchipa cha mu supamaketi. Kenako anandichepetsera masiku, kuchoka pa asanu ndi limodzi kufika pa anayi, ndipo enawo ndimasaka maganyu. Mwezi watha ndi pamene anaganiza zosiya galu mmodzi. Anafunsa anzawo, anaika pa Facebook, koma nthawi ngati ino ndani angalandire chinyama chodya chonchija? Mapeto ake tinamutengera wamphongo uja ku SPCA, bungwe limene limalandira ziweto zosowa mwini. Ine ndinakhala naye kumbuyo kwa galimoto nditagwira chingwe, iye akugwedeza mchira poganiza kuti tikupita kokayenda. Kumeneko makola anali odzaza, kuuwa kokhakokha. Amene sapeza owatenga ambiri amawabaya jekeseni wogonetsa osadzukanso, ndipo adona ankadziwa zimenezi. Analira njira yonse yobwerera. Inenso mtima unandiwawa, poti galu uja ndinamulera kuyambira ali kamwana. Koma sindikubisirani, chinachake mumtima mwanga chinkanena kuti akanapanda kuchoka iye, wochoka ndikanakhala ine.

Mng'ono wanga mwina anena kuti zimenezo n'za azungu, ife timaweta mwa ife tokha. Ndinayesapo. Mu 2021 mnzanga wina anandipatsa kagalu, ine n'kukasunga kuchipinda chimene ndinkachita lendi kuseri kwa nyumba ya munthu. Ndinkachoka 5 koloko m'mawa kukakwera taxi, kubwera mdima utagwa, kagalu kali kokha tsiku lonse kakulira, alandilodi akundikalipira. Katemera ndinkangoti ndikabayitsa mwezi ukatha. Kanagwidwa ndi matenda otsegula m'mimba a magazi amene anthu kuno amati cat flu, ngakhale ndi a agalu. Masiku anayi okha kanafa. Sindinakuuzenipo chifukwa ndinkachita manyazi.

Nanga iyeyo, amene amadzuka m'mamawa ndi njinga ya kabaza n'kubwera usiku, galuyo azitsala ndi ndani? Nyumba imene akukhala ilibe ndi mpanda womwe. Azimudyetsa chiyani? Akuti phala la madeya ndi bonya. Madeyawo masiku ano akulimbirana ndi oweta nkhumba ndi nkhuku, ndipo zaka za njala mukudziwa nokha kuti amalowa mumphika wa anthu. Chakudya cha m'matumba ndi mankhwala ambiri a agalu kumeneko amachita kuitanitsa kunja, ndipo kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse chochokera kunja chinakwera osabwereranso. Iye akungoona mtengo wogulitsira ana agalu, sakuona kuti wamkazi amafuna wamphongo wa mtundu wake amene mwini wake amalipiritsa, kuti tiana tonse timafuna katemera tisanagulitsidwe, ndiponso kuti matenda aja akalowa m'khola amasesa onse mlungu umodzi. Walira mvula walira matope. Ndiye kumubweretsako nakonso si masewera. Basi sinyamula galu, pamafunika zikalata za madokotala a ziweto, ndipo ulendo ndi wa masiku awiri kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, kutentha kwa ku Tete mukukudziwa.

Chimene ndikuopa n'chakuti zikadzamukanika adzamutula kwa inu, monga anachitira ndi akalulu aja. Inu ndi miyendo yanuyo mudzagwira chingwe cha galu wolemera ngati thumba la chimanga ndi theka? Akadzadula chingwe n'kugwira mbuzi ya eni, kapena Mulungu aletse, mwana wa munthu, wokaima pabwalo kwa amfumu adzakhala inu. Kuno mu 2022 agalu a mtundu wa pit bull anapha ana angapo, dziko lonse linayaka moto, anthu ena n'kumakasiya agalu awo ku SPCA chifukwa cha mantha.

Pakhomo tili kale ndi galu. Nkhanizawo wakhala nafe zaka zingati? Amadya mkute ndi nkhoko, amathamangitsa afisi ndi akuba, sanagonepo kuchipatala. Mungaseke kumva kuti agalu a mtundu wakewu kuno anawapatsa dzina loti Africanis, ndipo pali azungu amene amawatama kuti ndi opirira ndiponso sadwaladwala. Ife timangoti galu wachikuda n'kumugenda. Chimodzi chokha chimene ndikupempha ndi katemera wa chiwewe. A bungwe la Mission Rabies anayamba kubaya agalu mwaulere ku Blantyre mu 2015, chaka chimenecho anabaya opitirira 35,000, ndipo pambuyo pake anafika kwathu ku Chiradzulu ndi ku Zomba. Akabaya amapaka galu penti pamphumi kuti adziwike. Pa 28 mwezi uno ndi tsiku lokumbukira matenda a chiwewe padziko lonse, ndiye achemwali mufunse kwa alangizi a ziweto ngati kuli katemera pafupi. Akamabwera, ana asamubise Nkhanizawo kumunda chifukwa cha mphekesera zija zoti galu wobayidwa amasiya ukali. N'zabodza. Ndipo mwana aliyense akalumidwa kapena kukandidwa ndi galu, mutsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo, osayamba mwathira zitsamba. Simunaiwale mmene anafera mwana wa kutsidya uja, akuopa madzi.

Mnyamatayu asaone ngati ndamutaya. Ngati mtima wake uli pa kuweta, ndimuthandiza kugula nkhuku za Mikolongwe, poti ndi pafupi pomwepo, kapena mbuzi ziwiri zazikazi. Zimenezo zikavuta zimagulitsika, zikapanda kugulitsika zimadyeka. Koma khola amange yekha, ndipo ndione kaye chithunzi chake ndisanatumize kalikonse.

Ndalama ya mwezi uno nditumiza Lachisanu pa Mukuru m'dzina la achemwali. Yachepa chifukwa cha masiku aja anandidula, mundikhululukire. Muyambe ndi feteleza mitengo isanakwerenso, yotsalayo fizi ya mwana wa fomu 2. Pakatsala kena mumugulire Nkhanizawo mankhwala a nkhupakupa, poti pachithunzi chimene munatumiza makutu ake sanandisangalatse. Ndamva kuti mkuja mukukavota, mupite m'mawa dzuwa lisanatenthe ndipo mutenge kampando.

Mupereke moni kwa amalume, kwa azakhali, ndi kwa a mpingo onse. Za Khirisimasi sindikulonjeza. Abwana akuti chaka chino kunyanja sapita, ndiye mwina galu wotsalayu amusamala okha.

Ndine mwana wanu,
Woyamba kubadwa