Za chithunzi chija chinakusowetsani tulo

Mayfair, Johannesburg

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse pakhomopo. Ine kuno ndili bwino, kungoti kwazizira. Kuzizira kwa kuno n'kouma, kosiyana ndi chiperoni chathu cha ku Limbuli, moti milomo imachita kung'ambika. Ulendo uno ndalemba papepala m'malo motumiza mawu pa WhatsApp chifukwa ndikufuna muikhalire pansi nkhaniyi. Iwe mphwanga uwerenge mokweza, usadumphe mzere, ndipo achemwali akhale pomwepo.

Ndamva kuti chithunzi chimene ndinaika pa sitetasi chinakusowetsani tulo, mpaka munakapempha anzanu a Mvano kuti andipempherere. Mapempherowo ndawalandira, asasiye. Koma mtima ukhale m'malo, Amayi, sindinalowe za sataniki. Mkazi wa khungu la buluu, wa mapiko ndi nyanga uja kulibe padziko pano, ndi wojambula pa kompyuta. Dzina lake ndi Mizora, ndipo ali mu gemu yotchedwa Baldur's Gate 3, imene kampani ya ku Belgium, Larian Studios, inatulutsa mu August 2023. Chaka chomwecho inapatsidwa mphoto ya gemu yopambana zonse. Ku shopu kwathu kuja timakonza mafoni ndi kugulitsa zipangizo zogwirapo kale ntchito, ndiye PlayStation 5 ikabwera timayenera kuiyesa tisanaigulitse. Abwana amalola kuti Lamlungu ndikachoka kutchalitchi ndizisewerako. Ndi nthano yaitali imene woseweraweyo umasankha zoyankha ndi zochita, ndipo zimene wasankhazo zimakutsata mpaka kumapeto.

Chithunzicho ndinachiika chifukwa cha mkwiyo. Ndine munthu wamkulu, ndevu pepeya, koma ndinapezeka ndikukalipira TV ndekha m'chipinda mpaka mnzanga wa ku Zimbabwe wa khomo loyandikana anagogoda kufunsa ngati kwalowa akuba.

Adani mu gemuyi alimo ambiri. Alimo mkulu wankhondo wina, Ketheric Thorm, amene anapha anthu osawerengeka, koma ukamva kuti zonsezo zinayamba mwana wake wamkazi atamwalira, kachisoni kamakugwirako. Alimo Orin, wamisala yokonda magazi, amene umangomuopa basi. Alimonso mdierekezi wina wamwamuna, Raphael, wolankhula mwaulemu ndi wovala bwino, naye wa mapangano. Koma iyeyo gemu imakulola kumulondola kunyumba kwake n'kumenyana naye mpaka kumumaliza, mtima n'kukhala pansi. Mizora yekha ndi amene ndimati ndikangomva mawu ake m'mimba mumatentha, chonsecho sindinamuonepo akunyamula lupanga.

Nkhani yake ili motere. Muli mnyamata wina, Wyll, mwana wa mkulu wolemekezeka wa mzinda, Ulder Ravengard. Ali ndi zaka 17, bambo ake atachokapo, gulu lina linafuna kuitana mulungu wawo woopsa, Tiamat, kuti awononge mzindawo. Mnyamata yekhayekha, usiku, wopanda womuthandiza. Nthawi imeneyoyo ndi imene Mizora anatulukira. Sanamuopseze. Anangoti mphamvu ndili nazo, ndikupatsa, upulumutse anthu ako, iwe ungovomera pangano. Ndani akanakana? Ine ndikanakhala Wyll ndikanasaina, inunso Amayi mukanasaina ukanakhala moyo wa ana anu. Mzinda unapulumukadi. Apa ndi pamene pamandipweteka poyamba: mkaziyu sasaka anthu adyera kapena aulesi. Amasaka munthu wabwino pa tsiku limene wapanikizika, ndipo chingwe chomumangira amachiluka ndi ubwino wake womwewo.

M'panganomo munali ndime yoletsa Wyll kuuza munthu aliyense zimene zinachitika. Bambo ake atabwerako anapeza mwana wawo watha diso limodzi, pambali pake pataima mdierekezi. Anamufunsa, lilime osatheka kuyankha. Bambowo anamuthamangitsa mumzinda umene anaupulumutsa. Taganizani, Amayi. Mizora sanamenye munthu pamenepo, sananame bodza lililonse. Anangotseka pakamwa pa mwana, bambo n'kumaliza okha ntchito yotsalayo. Kuyambira tsiku limenelo Wyll analibenso wina womudziwa bwino koma yemwe anamumangayo. Ngakhale diso lamwala limene anamuika m'malo mwa lotha lija ndi lomwe mkaziyo amalankhulira naye. Kulikonse kumene angapite, bwana ali m'mutu.

Ndiye pali nkhani ya Karlach. Mizora anatuma Wyll kuti akaphe mkazi ameneyu, akuti ndi chiwanda choopsa chothawa ku Gehena. Ukamupeza umaona kuti ndi munthu wansangala, wokonda kuseka, amene anagulitsidwa ali mtsikana ndi bwana wake yemwe ankamukhulupirira, n'kukamenya nkhondo ya eni ake kwa zaka khumi. Wyll akuti pangano lathu silinena zopha anthu osalakwa. Mizora akutulutsa chikalata, akuwerenga ndime yake modekha: ololedwa kuphedwa ndi ziwanda, adierekezi, opanda mzimu ndi opanda mtima. Karlach anamuchotsa mtima n'kumuika injini pachifuwa, ndiye kwa Mizora nkhani yatha, pepala likuvomereza. Ine ndinasankha kuti tisamuphe. Usiku womwewo moto unabuka pakati pa msasa, Mizora n'kutulukira akumwetulira, n'kukoka Wyll ndi chingwe chosaoneka mpaka kugwa chogwada. Chilango chake anamumeretsa nyanga, nkhope n'kusintha kukhala ya zomwe iye ankasaka. Patsogolo pake pamakhala phwando, anthu amene tinawapulumutsa akuvina ndi kumwa, koma Wyll umakamupeza ali yekha m'mbali mwa madzi, akuti safuna kuopsa anthu pa tsiku lachisangalalo. Pamenepo ndinazimitsa kaye makinawo n'kukatereka tiyi.

Chimene chimanyansa kwambiri ndi kalankhulidwe kake. Sakalipa. Amamutchula Wyll kuti kagalu kanga, monyadira, ngati akumusisita. Akamulanga amalankhula ngati kholo limene lakhumudwa ndi mwana wosamva, moti wolangidwayo ndi amene amayamba kudziona wolakwa. Munthu wankhanza wokuwa umadziwa pomudera. Koma wokuzunza akukutchula mayina okoma amakusokoneza mutu, umayamba kudzifunsa ngati si iwe wosayamika.

Pakatikati pa nkhani iyenso amagwidwa ndi adani, n'kutsekeredwa. Ndinati eya, lero lokha. Koma ayi. Pangano likuti iye akafa, Wyll naye mzimu wake ukugwera ku Gehena nthawi yomweyo. Ndiye umayenda mtunda, kumenya nkhondo, kuika moyo pachiswe kuti upulumutse munthu amene ukumufunira imfa. Ukamuuza kuti malipiro ake amasule Wyll, amavomera, kenako n'kutulutsa ndime ina: kumasulako kuchitika pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Kumapeto amabweranso ndi msampha wina. Bambo a Wyll agwidwa, ndipo iye akuti sankha: usaine mzimu wako mpaka muyaya ndikuuze kumene ali, kapena umasuke bambo ako afe. Bambo omwe aja anamuthamangitsa chifukwa cha iyeyo! Ndipo zonsezi zikatha sachoka. Amangoima pamsasa panu tsiku ndi tsiku ngati wachibale, kumakuyankhulani. Zina zimene amayesa kuchita pamsasapo sindilemba, poti Amayi mukumva.

Mphwanga, iwe wokonda magemu a mpira pa foni, udziwe kuti anthu amene analemba munthu ameneyu anaganiza mozama. Mdani wokulirapo mphamvu umakonzekera, umagula zida, umamugonjetsa. Uyu anamupanga kuti zida zako zonse zikhale zopanda ntchito, chifukwa chokumangacho ndi dzina lako lomwe unalemba wekha. Wyll amayenda dziko lonse, amatchuka, anthu amamuimbira m'manja, koma ali ngati mbuzi ya pachingwe chachitali: imadya msipu mosangalala mpaka pamene yafuna kudutsa pomwe chingwe chathera.

Tsono ndifike pa chimene ndalembera kalatayi. Ine mkazi wojambulayu sindikanadana naye chonchi ndikanakhala kuti sindinakumanepo ndi anthu a mtundu wake. Kuno aliko, ndipo alibe mapiko. Pali mnyamata wina wa ku Thyolo amene tinkagona naye nyumba imodzi. Anabwera ndi transipota wina pa ngongole, akuti udzabweza ukayamba ntchito. Atafika, pasipoti anasunga transipotayo, akuti kuopa ingatayike. Mwezi ukatha ngongole imakhala yakula: pawonjezeka za chakudya cha panjira, za pa Mwanza, za pa Beitbridge, za malo ogona sabata yoyamba. Ndinamuonapo bamboyo atabwera Loweruka lina madzulo. Anafika ndi buledi ndi Fanta, n'kukhala pabedi la mnyamatayo, n'kumufunsa za amayi ake kumudzi powatchula dzina. Kenako anatulutsa kabuku kakuda m'thumba la jekete, n'kunyowetsa chala, n'kutsegula tsamba. Mawu ake onse anali akuti mwana wanga, mwana wanga. Mnyamatayo anapereka pafupifupi malipiro onse a sabata imeneyo, n'kuthokozanso pomuperekeza pageti. Kwawo sankanena kanthu, ankangotumiza zithunzi atavala bwino.

Achemwali, ndamva za mayi uja wa ku Limbe amene akukulonjezani ntchito ya m'nyumba ku maiko a Aluya. Ndamva kuti akuti pasipoti, viza ndi tikiti alipira yekha, inu muzidzabweza pang'onopang'ono pa malipiro. Ndamvanso kuti anakuuzani kuti musauze anthu ambiri, angakuchiteni nsanje n'kukutsekerani mwayi, ndiye chifukwa chake ine ndamvera kwa ena. Mawu amenewo ndi amene andidetsa nkhawa kuposa ena onse. Munthu wokufunira zabwino salimbana ndi zoti mlongo wako adziwe. Wokuuza kuti ubise akufuna kuti tsiku la mavuto udzasowe woitana.

Sindikukuonani ngati mwana, ndipo sindikunena kuti mulibe chifukwa. Ndikudziwa mmene zinthu zilili chichokereni Freddy mu March 2023, pamene madzi anakokolola munda wa kumunsi uja. Kwacha nayo inagwa ndi 44 peresenti mu November chaka chomwecho, fetereza n'kukwera, ndalama ya kothyola tiyi osafika pakati pa mwezi. Inenso n'zomwezo zinandichotsa pakhomo. Koma nthawi ngati imeneyi ndi imene anthu aja amafika, chifukwa amadziwa kuti munthu wopanikizika sawerenga pepala mpaka pansi. Mu 2024 a BBC anaonetsa nkhani ya amayi ndi atsikana a ku Malawi oposa 50 amene anachita kupulumutsidwa ku Oman atapita pa malonjezo onga amenewa. Kumaiko angapo a kumeneko kuli dongosolo lotchedwa kafala, limene limamangirira chilolezo chako chokhalira m'dzikomo kwa bwana amene wakulemba ntchito. Akakulanda pasipoti ndi foni, kuchoka pakhomopo kumaoneka ngati iwe ndi amene wathawa mlandu. Ndipo kwathu kuno lamulo loletsa kuzembetsa anthu lilipo kuyambira 2015, moti ejenti woona sangaope kufunsidwa mafunso.

Agogo aamuna anapita ku migodi kudzera pa Wenela, bungwe lija linkalemba anthu ntchito za ku migodi ya kuno, anadinda chala pa pepala limene sankatha kuliwerenga. Munkatiuza nokha, Amayi, kuti anabwerako ndi chifuwa ndi sutikesi imodzi, ndipo ulendo wachiwiri unalephereka Kamuzu ataletsa ulendowu ndege ija yonyamula anthu a ku migodi itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70. Zinali zowawa, komabe kontirakiti yawo inali ndi tsiku lothera, ndipo mudzi wonse unkadziwa kumene ali. Pepala la mayi wa ku Limbeyu tsiku lothera lili pati?

Pempho langa ndi ili. Musapereke pasipoti kapena chiphaso cha unzika kwa munthu aliyense. Mumuuze mayiyo akupatseni kontirakitiyo yolembedwa, mphwanga aijambule tsamba lililonse, ngakhale timalemba ting'onoting'ono ta pansi, anditumizire. Pakhale dzina la bwana, mzinda, malipiro, tsiku lopuma, ngongole yonse ndi ndalama zingati, ndiponso chimene chingachitike mutafuna kubwerera nthawi isanakwane. Kenako mupite nayo ku ofesi ya zantchito pa boma limodzi ndi amalume, mukafunse ngati munthuyo akudziwika. Akakana kupereka pepala, kapena akayamba zoti mwamukhumudwitsa pomukayikira pamene iye amakuonani ngati mwana wake, mundiimbire tsiku lomwelo, ngakhale pakati pa usiku. Ngati n'kofunika mpamba wa geni ya nanazi ndi mapeyala ija munkanena, tikambirane, ndiyesetsa kudula zina kuno.

Ndalama ya mwezi uno ndatumiza pa Mukuru, mphwanga akatenge Lachisanu. Mugule malata awiri otsala aja a kukhitchini, yotsalayo ikhale ya mankhwala anu a BP, musaigawirenso anthu. Mnzanga amene wanyamula kalatayi wanyamulanso bulangete lanu ndi nsapato za ana, nambala zake ndinachita kuyerekeza. Akamabwerera mumupatsire nandolo wouma ndi kalongonda pang'ono ngati alipo, koma mumange bwino chifukwa pachipata amavuta. Mupereke moni kwa amalume, azakhali a ku Muloza ndi amayi onse a Mvano.

Ndine mwana wanu,
wa ku Joni